KODI MFUNDO ILI NDI MWINI WAKE?

Pakati pa anthu oluka zibangili za mikanda pali mkangano wina umene ubuka kawirikawiri, ndipo mayambidwe ake ndi amodzimodzi. Mayi wina adziwa kuluka chibangili cha ulusi ndi mikanda. Mnzake asirira, napempha kuti amphunzitse. Iye avomera, ndipo akhala pamodzi pakhonde masiku angapo kufikira zala za wophunzirayo zitazolowera. Pakapita mwezi umodzi, wophunzira uja apezeka pamsika atayala zibangili zofanana ndi za mphunzitsi wake, mwinanso ali kuzigulitsa pa mtengo wotsika. Pamenepo mphunzitsi apsa mtima nati, "Inu anzanga, mwandibera luso langa." Winayo ayankha kuti, "Ndakuberani chiyani, amayi? Ulusi ndagula ndekha, mikanda ndagula ndekha, ndipo zala zimene zaluka ndi zanga zomwe."

Mlandu wotere si wa amayi okha. Anyamata ogulitsa zibangili kwa alendo m'mbali mwa nyanja, ku Cape Maclear, ku Senga Bay ndi ku Nkhata Bay, audziwa bwino. Osoka zovala, oluka madengu ndi osema mipando nawonso akomana nawo. Si mlandu woseka nawo ayi, pakuti pakati pake pali ufa wa ana ndi ndalama za sukulu, ndipo mabwenzi ambiri aleka kulonjerana chifukwa cha iwo. Tsono funso lathu nali: kodi mfundo ili ndi mwini wake? Munthu wotengera luso la mnzake, kodi timutche wakuba?

Tisanaweruze, tiyeni tiyambe taona chinthu chimene anthuwa ali kulimbirana. Kalukidwe kake nkotere. Woluka atenga ulusi umodzi wolimba, wautali kupitirira chibangili chimene afuna, naumangirira ku msomali kapena kuubaya ndi phini pa thabwa kuti ukhale wokungika. Ulusi umenewu ndiwo msana wa chibangili, ndipo mikanda yonse ailowetsa pamenepo asanayambe kuluka. Pambuyo pake atenga ulusi wachiwiri, wautali kanayi kapena kasanu kuposa chibangilicho, naupinda pakati, naupisa kunsi kwa msana uja. Tsopano ali ndi nsonga ziwiri, ina kumanzere, ina kumanja. Ya kumanzere aigoneka pamwamba pa msana. Ya kumanja aidutsitsa pamwamba pa inzakeyo, naipisa kunsi kwa msana, naitulutsira pa mpata umene watsala kumanzere, ndipo akoka zonse ziwiri. Limenelo ndi theka la mfundo. Theka linalo achita chimodzimodzi, koma ayambira kumanja. Akamasinthanitsa chotero, chibangili chituluka chophwatalala bwino. Akamayambira mbali imodzi yokhayokha, chimapotoka ngati chilambe chokwera mtengo, ndipo ena achita dala pofuna maonekedwe amenewo.

Atamanga mfundo zitatu kapena zinayi, akankhira mkanda umodzi m'mwamba. Ulusi wa mbali ziwiri uzungulira mkandawo, ndipo amanga mfundo ina kunsi kwake. Apitiriza motero mpaka chikwane mkono. Kwa mayi wamkulu ndi ngati masentimita 16 kufikira 18. Potsiriza agoneka pamodzi nsonga ziwiri za msana, ina kuloza uku ina uko, natenga kaulusi kena, namanga pamwamba pake mfundo zisanu kapena zisanu ndi imodzi, osalimbitsa kwambiri, kuti mwini chibangili azitha kukoka povala ndi kumasula povula. Ngati ulusi ndi wa nayiloni, nsonga zotsala azidula naziwaula pang'ono ndi machesi kuti zisungunuke ndi kumatirira. Ngati ndi wa thonje, moto ungoupsereza. Pamenepo afunika guluu.

Zonsezi munthu angathe kuzimva pa ola limodzi. Koma taikani pamodzi zibangili ziwiri, china cha woyamba kumene, china cha munthu amene waluka zaka zitatu. Mfundo ndi imodzimodzi, mikanda ndi yofanana, komabe diso la wogula lidziwa msanga chabwino. Woyamba kumene amakoka kwina molimba, kwina mofooka, ndipo chibangili chake chimapindika ngati njoka yopondedwa. Wozolowera amazindikira mkanda wa kamwa lakuthwa umene udzadula ulusi pakapita milungu iwiri, nautaya. Amadziwanso mitundu imene imayanjana ndi imene imadana. Choncho pali luso lokhala m'mutu, limene munthu apatsa mnzake ndi pakamwa, ndipo pali luso lokhala m'zala, limene palibe angalipereke kapena kulilanda. Tisunge mawu amenewa, pakuti tidzawafunanso.

Nanga mfundo imeneyi inachokera kuti? Mphunzitsi uja anati "luso langa," koma iyenso anaphunzira kwa wina, ndipo winayo kwa winanso. Tikalondola mkukuluzi umenewu tifika kutali ndithu. Mfundo yophwatalalayi ndi mbale wake wa mfundo imene timangira mtolo wa nkhuni kapena nsalu yoberekera mwana. Agiriki ndi Aroma akale ankaidziwa zaka zoposa 2,000 zapitazo. Iwo ankaitcha mfundo ya Hercules, ndipo ankamangira malamba ndi nsalu za pa mabala.

Luso lokongoletsa zinthu ndi mfundo zokhazokha, popanda singano, Azungu alitcha macramé. Liwulo si lawo. Linafika ku Ulaya kuchokera kwa Aluya ndi anthu a ku Turkey, kumene linkanena nsalu yonga thaulo kapena nsalu ya mphonje. Amisiri achiluya oomba nsalu m'zaka za m'ma 1200 ankati akatsiriza kuomba, ankatsala ndi nsonga za ulusi m'mphepete mwa nsaluyo. M'malo mozidula ankazimanga mfundo kuti nsalu isamasuke, ndipo pang'ono ndi pang'ono mfundozo zinasanduka zokongoletsa. Lusoli linaoloka nyanja kupita ku Spain, kumene Asilamu analamulira zaka mazana ambiri, nilifika ku Italy, makamaka mu mzinda wa Genoa, umene unatchuka ndi mathaulo a mphonje zoluka. Mu 1882 ku London kunasindikizidwa buku lotchedwa Sylvia's Book of Macramé Lace, lophunzitsa amayi kukongoletsa nyumba zawo ndi mfundo. Koma amene analifalitsa koposa ndi amalinyero. Iwo ankakhala pa nyanja miyezi yambiri, zingwe zili mbwee m'chombo, ndipo pa nthawi yopuma ankaluka malamba, zikwama ndi zogonera zolenjeka. Akafika pa doko ankagulitsa kapena kusinthanitsa zinthuzo, ndipo anthu a pa dokolo ankaona natengera. M'zaka za m'ma 1970 luso lomweli linabukanso mwamphamvu ku America ndi ku Ulaya. Akulu athu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo aka kadutsa m'manja mwa alendo osawerengeka kasanafike pakhonde pathu.

Mikanda nayonso ndi mlendo wakale. Makolo athu ankakonda mikanda ya m'khosi ndi ya m'chiuno, ndipo Angoni anatchuka poisoka bwino, koma galasi lopangira mikandayo silinkasungunulidwa kuno. Pa Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, pamene panali likulu la Kalonga, katswiri wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, anapeza mikanda yambiri ya galasi pamodzi ndi mapale a mbale za ku China. Zinthuzi zinadza ndi amalonda kuchokera ku nyanja ya mchere. David Livingstone, amene anafika ku nyanja yathu mu 1859, ankayenda ndi mikanda ndi nsalu zogulira chakudya m'njira. Masiku ano timikanda ting'onoting'ono tabwino kwambiri tipangidwa ku Czech Republic ndi ku Japan, ndipo mikanda yambiri yotsika mtengo ichokera ku China ndi ku India. Ndiye kuti m'chibangili chimodzi chogulitsidwa pa mchenga wa ku Senga Bay muli mfundo ya Agiriki, nzeru ya Aluya, ulendo wa amalinyero, galasi la kutsidya kwa nyanja ndi zala za Mmalawi. Ndani mwa onsewa angaimirire nanena kuti ndi changa ndekha?

Pali nkhani ina yosangalatsa imene iunikira bwino funso lathu. Mu 1978 dotolo wina wa ku England, Edward Hunter, anaonetsa mfundo yolumikizira zingwe ziwiri imene anaitulukira yekha. Nyuzipepala ya The Times ya ku London inalemba za iyo pa tsamba loyamba, ndipo anthu anaitcha dzina la dotoloyo. Koma pasanapite nthawi kunadziwika kuti munthu wina wa ku America, Phil Smith, anali ataisindikiza kale m'kabuku kake ka anthu okwera mapiri m'zaka za m'ma 1950. Palibe anabera mnzake. Chingwe chimapindika chimodzimodzi ku England ndi ku America, ndipo zala za anthu ndi zofanana kulikonse, kotero kuti anthu awiri osadziwana angathe kutulukira chinthu chimodzi. Nkhaniyi inachititsa okonda mfundo kuyamba kulemberana makalata, ndipo mu 1982 anakhazikitsa bungwe lawo lotchedwa International Guild of Knot Tyers. Ogulitsa pamsika akumbukire dotolo ameneyu asanathamangire kuloza mnzawo chala, pakuti kufanana kwa zibangili sikuli umboni wokwana wa kuba.

Tsopano tiganize za liwu loti kuba. Munthu akaba nkhuku yanu, m'khola mwanu mutsala nkhuku zochepa. Akaba khasu lanu, mawa simulima. Kuba ndi kuchotsa chinthu kwa mwini kuti iye asakhale nachonso. Koma pamudzi pali chinthu china chimene titenga kwa anzathu tsiku ndi tsiku popanda mlandu. Moto ukazima m'nyumba, tituma mwana kukapala moto kwa anansi. Mwanayo abwera ndi khala pa phale, ndipo moto wa anansi uja uyakabe monga kale. Luso la m'mutu lili ngati moto umenewu. Mayi wophunzitsa mnzake mfundo sanaiwale mfundoyo chifukwa choiphunzitsa. Pa chifukwa ichi ine ndinena kuti mfundo ilibe mwini, ndipo woitengera sitingamutche wakuba monga titchulira wakuba nkhuku.

Komatu tisafulumire kuseka mphunzitsi uja ngati wodandaula pachabe. Fanizo la moto lili ndi polekezera. Moto sutha poupala, koma ogula amatha. Ngati pa tsiku pafika alendo asanu ofuna zibangili, ndipo dzulo wogulitsa anali mmodzi koma lero alipo awiri, mphunzitsi abwerera kunyumba ndi theka la ndalama za dzulo. Luso lake lilipobe, koma ndiwo zake zachepa, ndipo amene wazichepetsa ndi munthu amene iye mwini anamchitira chifundo. Kupweteka kumeneku nkoona. Amene sanagulitsepo kanthu pamsika ndiye anganene kuti nkwabodza.

Anthu a mzinda wa Venice, ku Italy, anakomana ndi vuto lomweli pa ntchito yawo ya galasi, ndipo anayesa njira ziwiri. Mu 1291 boma lawo linalamula kuti ng'anjo zonse za galasi zisamukire pa chisumbu cha Murano, poopa moto mu mzinda. Pa chisumbupo amisiri anakulitsa nzeru zodabwitsa. Popanga timikanda, ankatenga chibuluma cha galasi lotentha chokhala ndi mphako pakati, ndipo anthu awiri ankachikoka, wina kupita uku wina uko, mpaka chitasanduka kabango kakatali kobowoka. Kabangoko ankakadula tizidutswa, natitenthanso potitembenuza kuti m'mphepete muleke kuthwa. Boma linkawalemekeza amisiriwo, koma linawaletsa kutuluka m'dziko ndi luso lawo, ndipo wothawa ankayembekeza chilango choopsa. Kodi chinsinsi chinasungika? Iyayi. Mu 1665 Colbert, nduna ya mfumu Louis XIV ya ku France, ananyengerera amisiri ena a ku Murano kupita ku Paris kukapanga magalasi odziyang'anira. Pambuyo pake dziko la Bohemia, makamaka mzinda wa Jablonec, linakula pa ntchito ya mikanda nilipikisana ndi Venice m'misika ya dziko lonse. Ngati boma lokhala ndi asilikali ndi akazitape linalephera kutsekera luso pa chisumbu chozingidwa ndi madzi, mayi wa pamudzi angalitsekere bwanji pakhonde lopanda mpanda?

Njira yachiwiri ndiyo inali yanzeru. Mu 1474 Venice yemweyo anakhazikitsa lamulo lakuti munthu wopanga chipangizo chatsopano, chimene sichinapangidwepo mu mzindamo, akachionetse ku boma. Akatero, wina aliyense ankaletsedwa kupanga chofanana nacho popanda chilolezo chake kwa zaka 10. Zakazo zikatha, chinthucho chinkakhala cha onse. Maiko ambiri lero ali ndi lamulo longa limeneli, ndipo nthawi yake ndi zaka 20. Taonani zinthu ziwiri m'lamuloli. Wotulukira chatsopano apatsidwa nyengo yakuti adyerere thukuta lake. Koma nyengoyo ili ndi malire, ndipo iye ayenera kuulula nzeru yake, osapita nayo kumanda. Lamulo lotere silifika pa mphasa ya ogulitsa zibangili, pakuti palibe ofesi imene ingalembe kalukidwe ka mayi aliyense. Koma nzeru yake ifika, ndipo tibwererako.

Tisanabwerere, tione kumene kuba kwenikweni kuyambira. Mu 2005 abale awiri a ku Denmark, Mads ndi Mikkel Kornerup, anakhazikitsa kampani yotchedwa Shamballa Jewels mu mzinda wa Copenhagen. Zibangili zawo zinali za mikanda ya golide, dayamondi ndi miyala ina ya mtengo wapatali, koma chogwira mikandayo chinali ulusi wolukidwa ndi mfundo yomweyi yophwatalala. Maonekedwe ake anatengera mikanda yopempherera ya Abuda, ndipo dzinalo ndi la dziko lopatulika lotchulidwa m'mabuku a chipembedzo cha ku Tibet. Chibangili chimodzi chinkagulidwa madola zikwi zambiri. Cha m'ma 2011 misika ya m'maiko ambiri inadzaza ndi zibangili zofanana nazo, za mikanda ya dothi yomatidwa tigalasi tonyezimira, zogulidwa ndi ndalama zochepa.

Kodi onse opanga zofananazo analakwa? Ine sinditero. Abale awiri aja nawonso anapala moto kwa amalinyero ndi kwa Abuda, ndipo sakanatha kuletsa munthu kumanga mfundo ya Hercules. Mtsikana woluka chibangili cha mikanda ya dothi, nanena poyera kuti iyi ndi mikanda ya dothi ndipo ndaluka ndine, alibe mlandu. Wamlandu ndi iye amene agulitsa galasi nalitcha dayamondi, kapena aika pa katundu wake dzina la kampani imene sinamupange. Ameneyo aba kawiri. Aba ndalama za wogula, amene walipira chinthu chimene sanalandire, ndipo aba mbiri ya mmisiri, pakuti chibangili chabodzacho chikaduka, wonyozedwa ndi mwini dzina. Dzina silili ngati moto. Lili ngati nkhuku ija, likabedwa mwini atsala wosauka.

Bodza lotere si la ku Ulaya kokha. Wogulitsa amene auza mlendo kuti mikanda iyi ndi yakale, ya agogo anga, pamene anaigula m'sitolo sabata yatha naipaka phulusa, ali pa mlandu womwewo. Chimodzimodzinso wophunzira amene afunsidwa ndi wogula kuti, "Kalukidwe kokongolaka mwakatenga kuti?" nayankha kuti ndakaganiza ndekha, pamene amene anakaganiza ali pa mphasa yachitatu kuchokera pa iye.

Tsono tibwerere kwa amayi athu awiri aja. Wophunzira ananena zoona kuti ulusi, mikanda ndi zala ndi zake. Koma anaiwala masiku aja a pakhonde. Mphunzitsi anasiya ntchito yake, namasula mfundo zolakwika, nabwereza kufotokoza kakhumi osatopa. Imeneyo inali mphatso, ndipo kwathu kuno mphatso imamanga chibale. Kale mnyamata wophunzira kusula ankayamba wathandiza mphunzitsi wake pa mivukuto nthawi yaitali asanasule khasu lakelake, ndipo ngakhale atakula sankadutsa pa chipala cha mphunzitsiyo osalonjera. Wophunzira kuluka sali wokakamizidwa kuleka kugulitsa. Ngati mphunzitsi ankafuna kuti mnzake angodziwa koma asapindule, ndiye kuti sanamphunzitse, anangomusewera. Koma wophunzira ali ndi ngongole ya ulemu. Akadayamba wapita kukanena kuti, "Amayi, luso lija ndafuna ndiyambe kudyerapo. Kodi ndikayale kuti, ndipo mtengo tiike wotani?" Mawu ochepa otere akadazimitsa mkangano usanayake.

Za mtengo ndiyenera kunenapo kwambiri, chifukwa ndi pamene ambiri aphonya. Woyamba kumene amawerengera ulusi ndi mikanda yokha, naonjezapo pang'ono, nayesa kuti wapindula. Saika mtengo pa nthawi imene wakhala akuluka, ngakhale kuti nthawi yomweyo akadapalira m'munda kapena kugwira ganyu. Saikanso mtengo pa zibangili zimene zidzatsala osagulidwa, kapena pa ulendo wokagula mikanda ina. Potsitsa mtengo ayesa kuti apambana mphunzitsi wake, koma aphunzitsa ogula kuti ntchito ya manja ndi yachabe. Pakapita miyezi itatu, ndalama zogulira mikanda zimthera, aleka, ndipo asiya msika utaonongeka kwa onse otsala. Pano kusayamika ndi kusadziwa masamu kuyenda pamodzi.

Nanga kalukidwe katsopano? Apa ndi pamene nzeru ya ku Venice itithandiza. Mfundo yophwatalala ndi ya onse. Koma tiyese kuti mayi wina wakhala usiku wambiri akuyesa, akumasula, akutaya ulusi, mpaka wapeza njira yolukira kansomba kapena duwa pakati pa chibangili, imene pamsikapo sinaonekepo. Ameneyo ayenera nyengo yake. Kutengera kalukidweko sabata yomweyo, ndi kukayala pambali pake, ndi kukolola m'munda umene sunalime. Nyengoyo siingakhale zaka 10 monga ku Venice. Chibangili si makina. Ine ndiganiza kuti miyezi ingapo, kapena nyengo imodzi ya alendo, ikwana. Ogulitsa a pa malo amodzi angathe kupangana zimenezi pakati pawo, monga apangana kale za malo oyala ndi za kusesa.

Wina adzati, "Nanga mayi wamasiye amene ana ake agona ndi njala, kodi adikire miyezi itatu chifukwa cha ulemu?" Funsoli ndi lolemera, ndipo sindifuna kulipeputsa. Njala ichepetsa mlandu, ndipo palibe munthu wamtima amene angaimbe mlandu waukulu mayi wotere. Komabe njala siletsa munthu kupempha. Iye apite kwa mwini kalukidweko nanene vuto lake. Pamenepo mlandu usamukira kwa winayo, pakuti wokaniza mnzake wanjala kalukidwe ka chibangili aipa koposa wotengera mosapempha. Angathe kumpatsa ntchito yoluka pamodzi nagawana, kapena kumlola kugulitsa pa msika wina.

Mphunzitsi nayenso ali ndi ngongole, ndipo ndi yaikulu kuposa ya wophunzira. Anthu ena akapsa kamodzi alumbira kuti sadzaphunzitsanso munthu, ndipo aluka m'nyumba atatseka chitseko. Mtima wotere ndi womveka, koma si wolungama. Luso limene ali nalo analilandira kwa anthu amene sanamudziwe, ndipo sangathe kuwabwezera. Njira yokha yobwezera ndi kupatsa wina. Kupatsa n'kuika, anatero akale. Tikumbukenso kuti luso lokhala m'manja mwa anthu ochepa silichedwa kufa. Livingstone anapeza Amang'anja a m'chigwa cha Shire ali kupota thonje ndi kuomba nsalu zawo m'midzi. Ku nkhalango ya Kasungu kukali ng'anjo zakale zimene makolo ankasungunulira chitsulo. Nsalu ndi makasu a m'sitolo zitafika, ntchito zimenezi zinayamba kuzilala, ndipo akuluakulu ozidziwa atamwalira, panalibe wofunsa. Lero tingoyang'ana ng'anjozo ngati alendo.

Munthu wina wa ku America, Clifford Ashley, anasankha njira yosiyana ndi yotseka chitseko. Iye anabadwira ku New Bedford, doko la zombo zosaka anamgumi, ndipo mu 1904 anayenda nawo pa chombo chotere. Anatha zaka 11 akulemba ndi kujambula mfundo zonse zimene anaziona, ndipo mu 1944 anatulutsa buku lotchedwa The Ashley Book of Knots, lokhala ndi mfundo ndi malukidwe pafupifupi 3,900. M'bukumo anaika mfundo za asodzi, za oomba nsalu, za madotolo, za alimi ndi za amalinyero, ndipo kawirikawiri ananena ntchito kapena munthu kumene anaiona mfundoyo. Zombo za matanga zija zinatha, ndipo amalinyero ake anapita, koma mfundo zawo zilipo chifukwa munthu mmodzi anazipereka kwa onse natchula eni ake. Inu amene mwaphunzira kulemba tsopano mungathe kuchita zofanana pang'ono: kakope kamodzi kolembamo malukidwe amene mudziwa, utali wa ulusi wake, chiwerengero cha mikanda, ndi dzina la amene anakuphunzitsani.

Patsala munthu mmodzi amene pangano la pamsika silingamgwire. Ameneyo ndi mlendo wochokera ku msika wina, amene agula chibangili chimodzi, napita nacho kwawo, nachimasula mfundo imodziimodzi akuwerenga, mpaka atadziwa kalukidwe kake. Sanaphunzitsidwe pakhonde, sanalonjeze kanthu, ndipo chibangilicho analipira. Kupita naye kwa amfumu ndi kutaya nkhuku pachabe. Iye achita chimene anthu a ku Genoa anachitira Aluya, ndi chimene anthu a pa madoko anachitira amalinyero. Chimene atenga ndi luso la m'mutu lokha lija. Kakokedwe kofanana ka ulusi, kasankhidwe ka mikanda yosadula, ndi kamangidwe ka potsekera kuti pasamasuke, zimenezo adzazipeza yekha ataononga ulusi wambiri, ndipo pofika nthawi imeneyo mayi wa kansomba uja adzakhala ali kuyesa mbalame.